Miyezi itatu ndikusewera pa shopu ya magemu ya ku Kamuzu Road, nazi zomwe ndaona

Anthu angapo akhala akundifunsa za shopu ya magemu ija inatsegulidwa chakuno ku Kamuzu Road ku Salima, ena ndi makolo omwe akufuna kudziwa ngati nkoyenera kuti ana azipitako, ena ndi anzanga akale a gemu ya mpira ija ya PES omwe funso lawo ndi limodzi basi, mapadi ake, zogwirira m'manja posewera zija, ali bwanji. Ndiye ndati ndinene kamodzi zonse zomwe ndaona, chifukwa ndakhala ndikupitako pafupifupi Loweruka lililonse kwa miyezi itatu tsopano, nthawi zina ndekha ndikaweruka, nthawi zina ndi ana awiri a achemwali anga omwe ndimakhala nawo. Dzina la shopuyo sinditchula. Pali zinthu zingapo zomwe zandikhumudwitsa ndipo ndizinena mmene ziliri, koma mwini wake ndi munthu woyesetsa ndipo sindikufuna wina atenge mau angawa nkumuipitsira bizinesi.

Malo ake ndi chipinda chimodzi chachitali, cha malata chopanda siling'i, mabenchi mbali zonse ndi mipando ya pulasitiki ingapo kutsogolo. Ma TV alipo asanu. Ukangolowa kumanja kuli PlayStation 2, yomwe timangoti PS2, pa ka TV kakang'ono, pambali pake pali Wii yoyera ija ya Nintendo, pakati ma PS4 awiri, ndiye kumapeto kwenikweni komwe anaikako kasofa ndi komwe kuli PS5 pa sikirini yaikulu. Mitengo ulendo womaliza inali K300 gemu imodzi pa PS2 ndi pa Wii, K500 pa PS4, K1,000 pa PS5, ukafuna za pa ola mumakambirana. Amalandira kashi, Airtel Money komanso Mpamba, zomwe zimathandiza chifukwa chenje chimavuta tsiku ndi tsiku.

Tsiku loyamba ndinkaona ngati makinawo anangowayala, akale kukhomo atsopano mkati. Patapita masabata angapo mpomwe ndinazindikira kuti mchipindamo mumalowa anthu a mitundu iwiri ndipo aliyense amadziwa yekha kokhala popanda womuuza. Alipo ongodutsa. Wakabaza yemwe waimika njinga pakhomo podikira kasitomala, mnyamata wochokera ku Senga Bay ndi nsomba zake akudikira minibasi ya ku Lilongwe idzaze, atsikana awiri atatu ochokera kumsika, ana omwe apatsidwa K500 ndi amalume awo. Amenewa ali ndi mphindi khumi kapena makumi awiri, safuna kuphunzira mabatani asanu ndi atatu, akufuna agwire, aseke, azipita. Ndiye alipo akatakwe, omwe ena amangowatchula ma pro, ndipo ine ndili mgulu limeneli kuyambira kale. Ifeyo timafika ndi padi yathuyathu mchikwama itakulungidwa mkansalu, gemu isanayambe titha mphindi zisanu tikusintha fomeshoni ndi kamera ndi mabatani, ndipo tikaluza timagona tikuganiza pomwe zinalakwika.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri pa shopuyi ndi choti mwini wake sanataye makina akale aja. Ambiri akangopeza PS4 kapena PS5, zakale amagulitsa, amaona ngati zikuchititsa manyazi shopu. Iyeyu ayi. Ndinamufunsa tsiku lina kuti achimwene, ka PS2 aka simukachotsa bwanji muikepo PS4 ina, anangondilozera kope lomwe mnyamata wake amalembamo magemu a tsikulo, tsamba la PS2 ndi Wii linali lodzaza kuposa la PS5. Ndalama zake ndi zing'onozing'ono koma sizidukiza kuyambira mmawa.

Ndipo nzosadabwitsa. PS2 inatuluka mu 2000 ndipo mpaka lero palibe makina a magemu a pa TV omwe anagulidwa kuiposa, inadutsa 150 miliyoni dziko lonse. Zina mwa zomwe zinaipangitsa kulowa mnyumba zambiri ndi zoti inkaonetsanso ma DVD, ndiye bambo ankagula ngati chowonera mafilimu, ana nkupezerapo mwayi. Kwa ife kuno ndi makina omwe ambiri tinaphunzirira kugwira padi. Munthu wa zaka 30 kapena 35 akalowa nkuona Tekken kapena PES yakale ija pa ka TV, manja amakumbukira okha. Ndaonapo bambo wina wamkulu ndithu, wavala malaya a kuntchito, anangolowa kudzatchajitsa foni, anamaliza wamenya magemu anayi a Tekken ndi mwana woti angakhale mdzukulu wake, akungodina mabatani onse nthawi imodzi nkumawina ndithu. Pa gemu ya ndewu ngati imeneyo wosadziwa naye amatha kugwetsa mnzake, ndipo kukoma kwake kwa munthu wongodutsa nkomweko.

Koma mfumu ya ongodutsa ndi Wii. Mwini shopu akuti anamutumizira ndi mbale wake wa ku Joni pamodzi ndi katundu wina, poyamba sankadziwa kuti achita nayo chani. Makinawa anatuluka mu 2006, chaka chomwecho chomwe PS3 inatuluka, ndipo pa mphamvu anali otsalira kwambiri, zithunzi zake si za HD, amalumikizidwa ndi zingwe zitatu zija, yofiira yoyera ndi yachikasu. Koma a Nintendo sankalimbana ndi zoti zithunzi zioneke ngati zenizeni, iwo ankafuna munthu yemwe sanagwirepo padi chibadwire, ndipo anagulitsa kuposa 100 miliyoni. Padi yake ili ngati rimoti ya TV, ukafuna kumenya mpira wa tenesi umangogwedeza dzanja ngati ukumenyadi. Palibe chofotokozera. Mdzukulu wa mayi wina wogulitsa mandasi pakhonde pomwepo, kamwana ka zaka mwina zisanu ndi chimodzi, kanaphunzira bowling mu mphindi ziwiri, kenako kanakakoka agogo akewo, anasiya beseni la mandasi ndi mnzawo nkulowa ataimanga bwino nsalu, ndipo mmene anagwetsa timitengo tonse khumi kamodzi chipinda chonse chinaimba mmanja mpaka ife a ku PS5 tinaimitsa gemu kuti tione. Ine tsiku limenelo ndinapita kunyumba mtima uli mbee. Nkhonya za pa Wii Sports nazo zimasonkhanitsa anthu, a kabaza amazikonda kwambiri, amatuluka thukuta lili kamukamu.

Vuto la pa Wii ndi mabatire. Rimoti iliyonse imadya mabatire awiri aang'ono aja a mu tochi, ndipo kangapo ndapeza makinawo angokhala chifukwa mabatire atha ndipo mnyamata woyang'anira alibe chilolezo chotenga ndalama mkabati kukagula. Komanso tizingwe tomangira pamkono tinaduka, tsiku lina rimoti idzauluka nkuswa TV. Izi ndinawauza.

Tsopano mbali yathu. PS5 yawo ndi yeniyeni, ili bwino, ndi ya disiki. Inatuluka mu November 2020 ndipo kusiyana kwake ndi PS4 ya 2013 umakuona gemu isanayambe nkomwe, pa PS4 umadikira ikulodi mpaka kucheza nkhani ina, pa PS5 ukangosankha matimu basi osewera ali kale pabwalo, chifukwa mkati mwake anaikamo SSD mmalo mwa hadi disiki yozungulira ija. Padi yake ya DualSense nayo ndi nkhani ina, mabatani a kumbuyo aja amatha kulimba kapena kufewa malinga ndi zomwe zikuchitika mu gemu. Munthu wongodutsa zimenezi sazimva nkomwe, ndipo ndaonapo ambiri akulipira K1,000 kamodzi kuti alaweko, nkunena kuti aa nchimodzimodzi ndi inayo bwanji, nkubwerera ku K500. Sakunama, kwa iwowo nchimodzimodzi. Koma kwa munthu yemwe wasewera mpira wa pa TV zaka makumi awiri, kachedwedwe kakang'ono pakati pa kudina batani ndi kuona mpira ukuchoka kuphazi ndi komwe kumasiyanitsa chigoli ndi kuphonya.

Apa mpomwe panali dandaulo langa loyamba. Mwezi woyamba wonse sikirini yaikulu ija inali ndi kuchedwa koonekeratu, ukadina pasi mpira umachoka mochedwa pang'ono, ndipo anyamata ankangoti PS5 ndi yolemera. Si PS5. Ma TV ambiri atsopanowa amayamba akongoletsa chithunzi asanachionetse, ndipo mu ma setting muli pena polembedwa game mode pomwe ukatsegula zokongoletsa zonsezo zimazima ndipo kuchedwa kumachepa. Ndinapempha rimoti, mnyamata anakana kuti abwana analetsa kugwira. Ndinadikira mpaka Loweruka linalo mwini wake alipo, ndinamuonetsa, tinasintha limodzi, ndipo kuchokera tsiku limenelo aliyense anavomera kuti zasintha. Ndimuyamikire pamenepa, sanachite manyazi kapena makani kuti kasitomala akumuphunzitsa za katundu wake, anangoti zikomo akulu, nkundipatsa magemu awiri aulere.

Dandaulo lachiwiri silinathebe mpaka lero ndipo ndi mapadi a pa PS4. Mwa anayi omwe alipo, awiri ali ndi matenda aja oti kandodo ka kumanzere kamadziyendera kokha, iwe sunagwire koma wosewera wako akuthamangira kumzere. Ena mabatani a R1 ndi R2 anafooka. Imodzi si yeniyeni, ndi yongofanizira ija yopepuka ngati mulibe kanthu mkati. Ife akatakwe sizitikhudza kwenikweni poti timabwera ndi zathu, amene amavutika ndi wongodutsa yemwe walipira K500 yake yomwe waipeza movutikira, akupatsidwa padi yodwala, akuluza 6 kwa 0 ndipo sakudziwa nkomwe kuti vuto si iyeyo. Amatuluka akuganiza kuti magemu si zake. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa anyamata ena amadziwa bwino padi yabwino ndi iti ndipo amathamangira kuitenga nkusiyira mlendo yoipayo. Mwini wake akuti mapadi enieni akwera mtengo kwambiri chichokereni kugwa kwa kwacha kwa mu November 2023 kuja inatsika ndi 44 peresenti, ndipo ndikumumvetsa, katundu yense wochokera kunja anakwera. Koma pali amisiri a mafoni konkuno omwe amatha kusintha kandodo kaja ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi kugula yatsopano. Ngakhale kungomata kapepala pa padi yodwalayo kuti anthu adziwe, kapena kutsitsako mtengo kwa amene waigwira, zingakhale zachilungamo.

Pa nkhani ya magemu omwe alipo, a mpira ndiwo amalamulira, palibenso kufunsa. Anthu amangoti FIFA ngakhale dzinalo linasintha mu 2023 pomwe a EA, kampani yopanga gemuyi, anasiyana ndi bungwe la FIFA nkuyamba kuitcha EA Sports FC. Pa PS4 imodzi anasungapo PES 2021, yomwe inali yomaliza kutuluka ndi dzina la PES eni ake a Konami asanaisinthe kukhala eFootball. Ndipo apa pali chinthu chomwe ndikufuna anthu akachione ndi maso awo. Ligi yathu ya kuno mulibe mu magemu amenewa, koma PES ili ndi malo osinthira matimu, ndiye anyamata atatu a pa shopupo anakhala pansi masabata angapo, madzulo aliwonse, nkupanga Bullets, Wanderers, Silver Strikers ndi MAFCO ya konkuno ku Salima, mayunifomu ake mitundu yake, maina a osewera, mpaka kukangana kuti wakutiwakuti liwiro lake tiike bwanji. Palibe anawalipira. Ameneyo ndiye katakwe, gemu kwa iye simathera pa kusewera, amafuna alowe mkati mwake aikonze ikhale yake. Ndipo chosangalatsa nchoti ntchito yawoyo ikukoka ongodutsa omwe, chifukwa wakabaza yemwe alibe nazo ntchito za Real Madrid akangomva kuti muli Maule ndi Manoma amakhala pansi nthawi yomweyo. Loweruka lina derby ya pa TV imeneyi inadzaza chipinda mpaka ena kuonerera pawindo.

Za intaneti musayembekezere zambiri. Makina atsopanowa anapangidwa poganizira munthu yemwe ali ndi intaneti yosatha kunyumba, gemu imodzi kuti ilandire zatsopano imatha kufuna ma GB makumi angapo, ndipo kuti usewere ndi anthu akunja pa magemu ambiri ogula pamafunikanso kulipira PlayStation Plus. Ndi mabandulo athuwa sizingatheke tsiku lililonse. Ndiye pa shopupa zonse ndi za pompo, iwe ndi mnzako pa benchi imodzi, ndipo osewera ena mupeza adakali ku matimu omwe anachokako kale. Anyamata ena amadandaula nazo, ine sindidandaula kwenikweni, kumenya munthu yemwe ukumuona nkhope kumakoma kuposa kumenya dzina la pa sikirini.

Kutentha nako. Amene mumaidziwa Salima mwezi wa October ndi November mukudziwa zomwe ndikunena, ndiye muganize chipinda cha malata chopanda siling'i, anthu makumi awiri, ma TV asanu. Ma PS4 aja amalira ngati ndege ikunyamuka, fani ya mkati ikulimbana ndi fumbi ndi kutentha, ndipo kawiri ndaona imodzi ikuzima yokha pakati pa gemu. Pali fani imodzi yoimika yomwe anailozetsa ku makina osati kwa anthu, ndipo ndikugwirizana nazo, koma masana kuyambira 12 mpaka 3 koloko simungakhalitsemo. Nthawi yabwino ndi mmawa kapena kuyambira 4 koloko. Magetsi akazima ali ndi invita ndi mabatire a sola, koma amangokwanitsa PS2, Wii ndi PS4 imodzi, PS5 ndi sikirini yake amazimitsa chifukwa yokhayo imatha kukoka mawati pafupifupi 200 gemu ikakhala yolemera. Ndiye magetsi akapita akatakwe tonse timasamukira kutsogolo, ndipo masiku amenewo ndi omwe magulu awiri aja amasakanikirana bwino, umapeza pro wa FIFA akugwetsedwa pa tenesi ya Wii ndi kamtsikana ka Standard 6. Amene gemu yake yadukira pakati chifukwa cha magetsi amamubwezera ndalama kapena kumuyambitsira ina, pamenepo sanamizira.

Tsopano nkhani yomwe yandipangitsa kwenikweni kuti ndilembe zonsezi. Pa ma PS4 ndi PS5 pali lamulo lomwe silinalembedwe paliponse koma aliyense amalitsata, wowina akhala, woluza alipira. Lamuloli ndi lokoma kwa ife odziwa, munthu utha kukhala pampando maola awiri osatulutsa kobiri. Koma taganizani za amene akungoyamba. Akafuna kusewera ndiye kuti akumane ndi amene wakhala akuwina anthu asanu motsatizana, amuthire zigoli zisanu ndi ziwiri anthu akuseka kumbuyo, alipirenso yekha. Ndani angabwerenso?

Mwana wa achemwali anga wamkazi, ali Form 1, amakonda mpira kwambiri, amasewera kusukulu. Tsiku lina ndinamuuza kuti mu FC muli matimu a amayi ndipo muli Temwa Chawinga ku Kansas City Current ndi mkulu wake Tabitha ku Lyon, sanakhulupirire. Anati amalume mukunama, Mmalawi mu gemu? Ndinamuuza kuti Temwa mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America nkusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, opanga gemu angamusiye bwanji. Loweruka linalo anavala msanga kundidikira. Titafika tinapeza PS5 yagwidwa ndi gulu la masiku onse, tinadikira pafupifupi ola, ndipo itafika nthawi yathu mnyamata yemwe anali pampando anakana kuchoka, akuti lamulo ndi loti asewere ndi iyeyo, ndipo matimu a akazi iye sasewera. Ena kumbuyo anayamba zonena zawo zoti atsikana apite ku Wii. Mwanayo anangoti amalume tiyeni tizipita, maso ali pansi. Ndinakwiya kwambiri, osati chifukwa ndi mwana wa kwathu yekha, koma ndinadzifunsa kuti ndi angati abwerera pakhomo limeneli mwa njira imeneyi ine ndili pampando womwewo ndikuwina osatembenuka nkomwe.

Sindinachoke. Ndinaitana mnyamata woyang'anira nkumuuza kuti ndikulipira mapadi onse awiri ndipo ndisewera ndi amene ndabwera naye, aimbire abwana ake ngati pali vuto. Anaimba, mwini wake anati kasitomala wolipira mapadi awiri ali ndi ufulu. Tinakhala pansi. Anasankha Kansas City, ine ndinatenga Lyon, ndipo mmene kamera inayandikira nkuona dzina la Chawinga kumsana kwa jezi, mwanayo anagwira pakamwa. Ndinamuonetsa mabatani atatu okha, pasi, kuthamanga ndi kuwombera. Chigoli chake choyamba chinabwera chakumapeto kwa hafu yachiwiri, mpira wautali Temwa nkuthamanga kusiya onse, ndipo amene anakuwa kwambiri anali anyamata omwe aja ankanena zija. Kuchokera tsiku limenelo amabwera ndi anzake awiri.

Ndinakambirana ndi mwini wake pambuyo pake ndipo wasinthako pang'ono, PS4 imodzi tsopano ndi ya aliyense, mumasewera ndi amene mwabwera naye, magemu awiri kenako mupatse ena. Inayo ndi PS5 lamulo lakale lija lidakalipo madzulo. Ndi poyambira pabwino koma mnyamata woyang'anira amaopa anyamata akuluakulu, mwini wake akachoka lamulo latsopanolo limafooka. Pakufunika lilembedwe pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu.

Kwa makolo amene munafunsa, ndinene mosabisa. Ana a yunifomu nthawi ya sukulu sawalola, izi ndaona ndi maso anga akubwezedwa, ndipo ndawapatsa ulemu pa chimenechi. Mowa ndi fodya mkati salola. Koma kubetcha kulipo, mobisa, anyamata amapatsirana ndalama panja gemu ikatha, ndipo mau otukwana amatuluka gemu ikafika povuta. Chinanso, pa PS4 pali GTA V ndi Mortal Kombat, magemu omwe pa bokosi pake penipeni analembapo 18, muli kuombera anthu ndi magazi osaneneka, koma ndapezapo tiana ta zaka khumi tikusewera popanda wotiletsa. Mwana wa achemwali anga wamwamuna ali ndi zaka 9 ndipo ndinamuuza kuti malire ake ndi mpira, magalimoto ndi Wii. Ngati mukutumiza mwana wamng'ono, mupite naye ulendo woyamba, mumuuze woyang'anirayo pamaso pa mwanayo zomwe mukulola, ndipo nthawi yabwino ya ana ndi Loweruka mmawa akuluakulu asanadzuke. Chimbudzi chili kuseri, ndi cha mashopu onse a pamzerewo, kiyi mumapempha.

Ena mwandifunsa ngati kuli bwino kungogula makina anuanu mmalo momapereka ma K500. Zimatengera ndinu ndani, ndipo shopuyi ndi malo abwino oyesera musanataye ndalama. Mukaona kuti mukumapitako kamodzi pamwezi ndipo mukumathera pa Wii kapena Tekken, musagule PS5, idzangokhala pa shelefu ikudya fumbi, ngakhale foni yanu yomweyo ili ndi Dream League ndi eFootball zomwe zingakukwanireni. Mukaona kuti mwayamba kusunga ndalama ya padi yanuyanu, ndiye kuti matendawa akugwirani, ndipo kwa ife kuno PS4 yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yomwe ili ndi nzeru, ma disiki ake amapezeka, mumasinthana ndi anzanu, amisiri akuidziwa. Xbox Series S imaoneka yotchipa koma ilibe polowetsa disiki, gemu iliyonse ndi yochita kukoka pa intaneti, ndiye ndalama yomwe mwapulumutsa idzathera ku mabandulo. Nintendo Switch ya 2017 ija ikanakhala yabwino kwambiri pa mabanja chifukwa ili ndi batire ndi sikirini yakeyake, magetsi akazima gemu imapitirira, komanso timapadi take timagawika pawiri kuti anthu awiri asewere, koma magemu ake ndi odula ndipo kuno sindinawaonepo pa shelefu, mpaka ku Lilongwe kapena kuitanitsa kunja. Mwini shopuyu amathandizanso kuyesa makina ngati mwapeza wogulitsa, amalumikiza pa TV yake nkuisiya iyake kwa ola kuti muone ngati ikutentha kapena kukana disiki, amangolipiritsa mtengo wa magemu awiri. Mnzanga wina anapulumuka mwa njira imeneyi, PS4 yomwe ankafuna kugula inazima pa mphindi 20.

Pa khumi ndikuwapatsa 7. Zitatu ndachotsazo ndi za mapadi odwala, za ana pa magemu a akuluakulu, ndi lamulo la pampando lomwe likufunika munthu wolimba mtima wolisunga. Mapadi akakonzedwa ndidzabweranso kudzanena.

Kumapeto kwa mwezi uno akuti kukhala kampikisano ka PES, kulowa K2,000, ndipo ndinapempha kuti pakhalenso ka tenesi ya pa Wii ka aliyense kolowa ndi K300 yomweyo, mwini wake wavomera bola ndibweretse mabatire. Ndagula kale mapaketi awiri. Agogo a mandasi aja akuti tiwalembe dzina, ndipo mwana wa achemwali anga akufunsa ngati Temwa angapangidwenso mu PES kuti naye alowe nawo mpikisano waukuluwo, anyamata atatu aja ati abwere Lachisanu madzulo adzawauze yekha liwiro loti aike.